Mphindi Khumi za Wogulitsa Malo

Mwana anayamba kubanika iye ndi makolo ake ali pakati pa puloti imene anabwera kudzaona. Mayi wake atamva kamluzu kaja m'chifuwa, mtima unangoti myuu! Anapisa m'chikwama: mankhwala opopera a mphumu anali atatha.

"Bambo a mwana, chipatala chili kuti? Si munati n'pafupi?"

"Wogulitsa malo anati mphindi khumi," mwamunayo anayankha, pepala loti asaine lili m'manja.

"Khumi pa chiyani? Pa ndege?"

Wogulitsayo anali atawatula pa galimoto yake n'kubwerera. Kuno kunali kumapeto kwenikweni kwa mzinda: nyumba apa, ina ukooo, popanda golosale ngakhale siteji ya basi. Mayiyo anabereka mwana n'kuliyatsa liwiro, mwamuna wake ali pambuyo. Msewu waukulu unalibe poyenda anthu apansi, ndipo malole ankamukankhira m'ngalande. Kumsanaku kamluzu kankakulirakulira.

Mwamwayi panaima galimoto ya mayi wina wojambula mapulani a mzinda. "Kwerani msanga!"

Kuchipatala, mwana atayambanso kupuma bwino, wamapulaniyo atamva za puloti ija anafotokoza. "Mzinda ukamamwazikana chonchi, nyumba zimatsogola, chipatala ndi sukulu n'kutsalira. Anthu ochepa pamalo aakulu, basi ikadzaza ndi ndani?"

"Koma kumene tikukhalako n'kothinana," anatero mwamunayo. "Nyumba zosanjikizana. Wapamwamba akayetsemula, pepani timanena ndife."

"Kukhala moyandikana si vuto, achimwene, bola pakhale madzi, ngalande ndi njira zabwino. Kuchuluka kwa anthuko n'kumene kumakokera chipatala ndi msika pafupi. Kwanuko kuchipatala mumayenda nthawi yaitali bwanji?"

"Mphindi zisanu ndi ziwiri, mwana ali kumsana," mayi wa mwanayo anayankha mosaganiza n'komwe. Anali ataziwerenga kambirimbiri.

Mwamunayo anayang'ana mapazi a mkazi wake, atatuwa, sandasi imodzi itaduka. Anapinda pepala lija n'kuliponya m'bini.

Patapita miyezi iwiri anapeza nyumba yokulirapo m'dera lawo lomwelo. Asanavomere, mayiyo anabereka mwana, onse n'kuyenda wapansi mpaka pakhomo la chipatala. Mphindi zisanu ndi zinayi. Apo m'pamene mtima wake unakhala pansi.

Musanasankhe pokhala, yesani mtunda ndi miyendo yanu, osati ndi galimoto ya wogulitsa. Dera labwino ndi limene chipatala, sukulu ndi msika mumafikako wapansi, mosaopa kugundidwa.