Dzina la Munthu wa M'dzenje

Pauline ankagulitsa miyala yonyezimira pamwamba pa phiri, mbali yoyang'ana ku Malosa, pafupi ndi dzenje limene linamudyera mwamuna. Musafunse kuti bwanji pamenepo. Alendo ankaima pomwepo, ndipo njala sisankha malo.

Loweruka lililonse Blaise ankafika pa galimoto yake ya chimatayala, atanyamula azungu odzaona migodi yakale. Pakamwa pa mkulu ameneyo, shuga weniweni! Akatsika ankaloza dzenje, n'kuyamba Chingerezi chake, kenaka n'kumadzandira ngati wagwira botolo, mpaka khu! pa udzu. Azungu ankafa nalo phwete. Pauline nayenso ankaseka, poti Chingerezi chinamupita kumbali, komanso mlendo woseka sauma manja.

Anaseka choncho zaka zitatu.

Tsiku lina pagululo panali mayi wachimalawi, a Abigail, mphunzitsi wa ku Chirunga. Akusankha miyala anafunsa kuti, "Mayi, chidakwa chinagwera umu chikuba miyala ya anzakechi munkachidziwa?"

"Chidakwa chiti?"

"Chimene akunena a Blaise."

Pauline anagwetsa mwala umene unali m'manja mwake. Tobias, mwamuna wake, munthu wa kwaya, amene ngakhale thobwa logona ankalikana! Tsiku limene dzenje linagumuka iye anali kunja, ndipo analowa ndi chingwe kukatulutsa anzake awiri. Awiriwo ali moyo mpaka lero, wina amasoka nsapato ku Chikamveka. Dothi linagwa kachiwiri Tobias akadali pansi.

Anawafotokozera a Abigail zonsezi. Iwo anachita manyazi, nati Loweruka likubwerali adzabweranso ndi alendo ena. Galimoto itapita Pauline analira, koma osati chifukwa cha Tobias. Chinamuwawa ndi mano ake omwe, amene anakhala akuwala pa chipongwe cha mwamuna wake. Tsiku limenelo sanadye chifukwa cha mkwiyo.

Tsono msewu wa kumigodiko umadutsa pa kamtsinje kamatope. Dzinja lililonse Pauline ankayala miyala yafulati powolokerapo, popanda womutuma, poti galimoto ikalephera kufika ndiye kuti malonda palibe. Blaise ankangodutsa akuimba likhweru, mwina ankayesa kuti miyala imamera yokha. Sabata imeneyo Pauline anaizula umodziumodzi, n'kukaiunjika kuseri kwa thengo. Msana unamupweteka, koma ntchito yokoma ngati imeneyo anali asanaigwirepo. Mvula ya Febuluwale inamaliza zotsala, madzi ofiira n'kubisa zonse.

Loweruka anakhala pa mwala kutsidya, manja pamiyendo.

Galimoto inabwera ndi mdidi, inalowa m'madzi, n'kutitimira mpaka m'mimba. Matayala anazungulira, thope linauluka, ayi ndithu. Blaise anatsika, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Azungu anayamba kuyang'ana mawotchi.

"Mayi, pepani," anatero Blaise, "miyala ija yapita kuti? Tandithandizani, ntchito ingandithere."

"Ilipo, achimwene. Koma tiyeni kaye kudzenje, alendo asaphonye chidakwa."

Blaise anayang'ana a Abigail, iwo n'kuyang'ana kumbali. Apo anadziwa kuti madzi achita katondo. Onse anakwera kamtunda kopita kudzenje wapansi, Blaise akutsimphina ndi nsapato imodzi.

Pa dzenje Pauline anati, "Dzandirani tione."

Blaise anayang'ana phazi lake lopanda nsapato.

"Mwaiwala? Chabwino. Dzina lake anali ndani?"

"Sindidziwa, mayi. Inali nkhani chabe yosangalatsa alendo."

"Nkhani chabe! Mwadyera pa mtembo zaka zitatu, osafunsa n'komwe kuti ngwa yani? Lero ndiyankhula ine, inu muziwauza m'Chingerezi chanucho. Mukakhotetsa, aphunzitsiwa ali ndi makutu."

Anayamba. Ananena za chingwe, za anthu awiri aja, za masiku atatu amene amuna anakumba ndi makasu osamupeza, iye ataima pomwepa ndi mwana kumsana. Blaise ankamasulira, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali chisanu. Pena anafuna kudumpha, a Abigail n'kutsokomola, iye n'kubwerera.

"Muwauzenso kuti munanama," anatero Pauline. "Muwauze kuti mkazi wake ndine, amene munkandiseketsa."

Blaise ananena zonsezo. Palibe anaseka. Mzungu wina wachikulire anavula chipewa.

Pauline sanamve chisoni ngakhale pang'ono, ndipo sanafune kuti achimve. Anatchera khutu ku Chingerezi chonjenjemeracho, chimene kwa iye chinali phokoso basi, mpaka anatolamo liwu limodzi lokha lolidziwa.

"Simunatchule bwino," anatero. "Ndi Tobias. Bwerezani mokweza, ali pansi kwambiri."