Masomphenya a Nzimbe

Pius Chizungu amachidziwa, zimenezo musachite kukayika. Kutchalitchi kukabwera mlaliki wachilendo, womasulira amakhala iyeyo, ndipo amatsanzira ndi manja omwe. N'chifukwa chake a Geresomo, kapitawo wa kampani yatsopano ya nzimbe, atafuna munthu woimirira pafupi ndi bwana wawo pamsonkhano, sanavutike kusakasaka. Anamulonjeza kuti zikayenda bwino, ntchito ya muofesi ndi yake.

Msonkhanowo unachitikira pansi pa mitengo ya nimu ya pasukulu, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bwanayo anali mayi wochokera kunja kwa dziko lino, dzina lake Jacqueline, ndipo Chichewa sankadziwa ngakhale moni. Nkhani inali imodzi: anthu aphatikize minda yawo ikhale munda umodzi wa nzimbe, wothiriridwa ndi madzi a mu Shire. Ovomera akweze manja, a Geresomo awerenge, basi, mathirakitala abwere.

Kutsogolo kwenikweni, pamkeka, panakhala amayi ake a Pius, a Esinala. Iwo za munda wakumtunda analibe nazo ntchito, chifukwa kumeneko mapira amangopserera chaka ndi chaka. Mtima wawo unali pa dimba la m'mphepete mwa dambo, lomwe madzi akaphwera limabereka chimanga, mbatata ndi maungu pamene ena akugona ndi njala. Ngakhale Pius yemweyo, sukulu yake inachokera m'dimba limenelo.

Jacqueline anatambasula mapu aakulu n'kuyamba kulankhula. Mawu akuti *vision* ankatuluka pafupipafupi, ndipo Pius ankangowawakha m'malere.

"Akuti masomphenya awo ndi akuti kuno kubiriwire chaka chonse. Masomphenya awo ndi akuti ana athu asamapite kutali kukafuna maganyu."

Anthu ankagwedeza mitu. Kwathu kuno mawu amenewo si ocheza ayi. Masomphenya ndi zimene munthu wachita kuonetsedwa, ndipo zoonetsedwazo zimachitika.

Kenako a Esinala anakhosomola. "Mwananga, tatifunsira mayiwa. Nanga madimba athu akudambo, atsala m'manja mwathu?"

Pius anafunsa. Jacqueline anamwetulira mokoma, n'kuyankha mwachidule: "*That would be the ideal.*"

Apa m'pamene mnyamata wa Chizungu uja anangoti kakasi. *Ideal*. Mawuwo ankawadziwa, ankadziwanso kuti amanena chinthu chabwino, koma m'Chichewa anawafuna uku ndi uku osawapeza. Maso onse anali pakamwa pake. Iye, Pius, kusowa chonena pamaso pa amayi ake? Anangotola mawu amene anali pafupi.

"Akuti amenewonso ndi masomphenya awo."

Nthungululu zake! Bambo wina kumbuyo anakuwa m'Chisena kuti, "Pyadidi!" ndipo ena anamuvomera kuti n'zabwinodi. A Esinala anawomba m'manja mwaulemu, nkhope ili ngwee.

Koma Pius, phokoso likadali mkati, anawerama n'kufunsa bwanayo chapansipansi m'Chizungu, ngati mawu awiri aja ali amodzi.

"Ayi, ndi osiyana," anatero Jacqueline, akudabwa ndi funsolo. "*Vision* ndi kumene tikupita. Ndi izi zili pamapuzi, ndipo tizichita. *Ideal* ndi mmene zinthu zikanakhalira chikhala kuti zonse zimatheka. Ndikanakonda atasunga madimba awo, kunena zoona. Koma mapampu akhala kudamboko, ndipo ngalande yaikulu idutsa momwemo." Chala chake chinayenda pamapu, n'kudutsa pakati penipeni pa malo amene Pius ankapirikitsapo mbalame ali mwana. "Wawauza choncho, si choncho? Ndaona kuti achilandira bwino kuposa mmene ndimaganizira."

Pius anayang'ana kumene kunakhala amayi ake.

A Geresomo, amene zinenero zonse ziwiri ankazimva bwinobwino, anali atafika kale pambali pake. Anamugwira pachigongono ngati mnzake, koma zala zinalowa m'mnofu.

"Wamasulira bwino, mphwanga," ananong'ona. "Zisiye momwemo. Lolemba ubwere ku ofesi utavala taye." Atatero anatembenukira kwa anthu. "Mwamva nokha, makolo anga! Tsopano amene akuvomera, manja m'mwamba!"

Dzanja loyamba kukwera linali la a Esinala. Nanga akanakayikiranji, poti wanena ndi mwana wawo? Azimayi anzawo akudambo ataona, nawonso anakweza. Manja anayamba kuphuka mbali zonse, ndipo a Geresomo anayamba kuwerenga mofulumira, akuloza ndi bolopeni.

Pius anachita mantha, anachitanso manyazi, ndipo sanadziwe chachikulu n'chiti. Kukhala chete kunali kosavuta. Madimba akadzapita, anthu adzatukwana kampani, za womasulira ndani adzakumbuke? Koma dzanja la amayi ake linali m'mwambamo, lakuda ndi dzuwa, ming'alu ya khasu ikuoneka.

"Amayi, tsitsani dzanja!"

Anakuwa kwambiri kuposa mmene ankafunira. Mwana kulamula mayi ake pagulu, zinayamba zaonekapo kuti?

"Wati chiyani iwe?" anafunsa a Esinala, dzanja likadali pomwepo.

"Ndalakwitsa kumasulira. Ndalakwitsa ine, osati mayiwa."

"Mnyamatayu dzuwa lamuzunguza mutu," anatero a Geresomo akuseka, koma panalibe wowathandiza kusekako.

Pius anatembenukira kwa anthu. "Masomphenya awo ndi nzimbe, mapampu ndi ngalande. Zimenezo zichitika. Za madimba sananene kuti masomphenya. Anangoti zikanakhala bwino."

"Zikanakhala bwino," anabwereza a Esinala pang'onopang'ono. Mawu amenewo ankawadziwa. Ndi amene amanena wogula nsomba amene alibe cholinga chogula.

Anatsitsa dzanja n'kuliika pabondo. Ena anatsitsa nawo, ena anangolisiya lili lende pakati, akuyang'ana anzawo. Jacqueline ankafunsa a Geresomo chimene chachitika.

"Chabwino," anatero a Esinala. "Undifunsirenso, koma ulendo uno umasulire zenizeni. M'masomphenya awowo, ine akundiona ndili pati?"

Pius anafunsa funsolo monga mmene linalili, osachotsa kanthu. Jacqueline anayang'ana mayi wachikulireyo, kenako anawerama pamapu. Maso ake anayenda kuchokera kumsewu mpaka kudambo, n'kubwereranso.

Pius anadikira kuti amve choti amasulire. A Esinala sanadikire. Anadzuka, n'kukunga chitenje chawo, n'kutembenukira kwa azimayi anzawo.

"Mwaona nokha," anatero. "Andifunafuna pamapupo, koma ine mulibemo."