Ana Amene Mafumu a Otomani Ankatenga

Wofuna kuweruza anthu akale ayambe wayang'ana m'nyumba mwake. Bambo Chakufwa, ogwira ntchito ya m'gadeni ku Silverton, anamva mwana wawo Mervis akuwerenga za mafumu achisilamu a Otomani, amene ankatenga anyamata m'mabanja achikhristu kuti akakhale asilikali ndi nduna.

"Anali makolo otani amenewo, opereka mwana ngati mbuzi?" anakalipa motero Bambo Chakufwa.

Mervis anayankha motsitsa mawu. "Iwowo ankachita kulandidwa, Abambo. Nanga achimwene Geofrey, amene mwawasiyitsa sukulu kuti mawa apite kufamu ya abwana anu, wakulandani ndani?"

Bambo Chakufwa anagwetsa nkhope, manyazi atawagwira. Kenako anatenga foni nauza abwana awo kuti mnyamatayo sabwera.