Laputopu Yopita kwa Estere

Alinane adadzuka Loweruka limenelo mtima uli m'mwamba. Lole ya a Jafali, imene imanyamula katundu wa Amalawi kuchoka ku Cape Town kupita kumudzi, inkanyamuka masana omwewo, koma laputopu imene adalonjeza mng'ono wake Estere idali isanagulidwe. Estere adali atayamba sukulu ya unamwino ku Zomba, ndipo ntchito za m'kalasi ankalembera pa laputopu yobwereka, mwini wake akamaliza. Pa foni adangopempha chinthu chimodzi: "Achemwali, ingokhala yosunga moto. Kuno magetsi amabwera ngati mlendo."

Za makompyuta Alinane sankazidziwa. Ntchito yake idali yosankha tomato ku msika wa ku Epping. Tomato wowola m'kati ankamuzindikira pongomufinya, koma laputopu ilibe poifinya. N'chifukwa chake adapita ndi alamu ake, a Bizwick, amuna a achemwali ake, amenenso ankamusunga m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Gugulethu.

"Mlamu, nkhope imeneyo ngati tikupita kumaliro?" adatero a Bizwick m'tekisi. "A Mackford ndi mkulu wa mpingo kwathu, wakwathunso wa ku Ntcheu. Munthu woti amatigawira mgonero angatipusitse?"

Kashopu ka a Mackford kadali ku Bellville, kuseri kwa siteji ya matekisi, kopanikizika pakati pa malo ometera ndi ogulitsa nsalu. M'mashelefu mudali malaputopu otayidwa ndi maofesi, amene iwo ankawakonza n'kuwagulitsanso. Moni adatenga nthawi: za kumudzi, za mvula, za kwaya. Alinane adapinda bondo n'kuima pambali, manja kumbuyo.

"Mwana wathu uyu ndimupatsa ya pamtima panga," adatero a Mackford, akutsegula laputopu yopyapyala, yonyezimira ngati mbale yatsopano. "Iyi ndi ya mabwana. Ndapukuta zonse, ndaikamo zatsopano. Walanti iliponso. Ikavuta mungobwera nayo."

Alinane adayamba kuwerengera mumtima. Kubwera nayo kuchokera kuti? Pofika tsiku lovuta, laputopuyo idzakhala itawoloka Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza.

A Mackford adaitembenuza kuti iyang'ane kwa iye. Apa ndi pamene Alinane adaona chala chawo. Potembenuzapo, chalacho chidakanikiza chingwe cha chaja pamene chimalowera, mwachifatse, monga umagwirira dzanja la mwana powoloka msewu. Ataibwezera kwa a Bizwick, chala chidabwereranso pompo. Alinane adakumbukira foni yake yakale, imene inkakhala moyo pokhapokha ili pa chingwe.

Mawu adali okonzeka pakhosi: tachotsani chingwecho tione. Koma kumuuza mkulu wa mpingo mawu amenewo n'chimodzimodzi kumutcha wakuba pamaso pa anthu. Ndipo iye ndani, wogona kuseri kwa nyumba ya eni, kuti achititse manyazi alamu ake?

"Alamu," adanong'ona, "batire."

"Ati chiyani?" adafunsa a Mackford.

"Akufunsa za batire," adayankha a Bizwick mokweza, akuseka. "Mlamu wangayu ngakhale mwamuna adzayamba wamufinya ngati tomato asanavomere."

"Batire? Iyi imagwira tsiku lonse, sisi. Usaope."

Onse awiri adaseka. Alinane adayang'ana nsapato zake. Foni idanjenjemera m'thumba. Adali a Jafali: tayamba kumanga katundu, fulumirani. A Bizwick adali atayamba kale kufunsa ngati chikwama chilipo choikamo. Alinane adamuona Estere m'maganizo, atakhala pabedi la ku hositelo magetsi atathima, akudina batani la chinthu chokongola chosayaka, kenako n'kumuimbira kuti zikomo achemwali, yafika bwino.

"Abambo," adatero Alinane, "muno sindikuona bwino zilembo. Ndingaione padzuwa? Estere amakonda kuwerengera panja."

Sadadikire yankho, poopa kuti akadikira salimbanso mtima. Adainyamula ndi manja awiri n'kuyamba kulowera kukhomo. Chingwe chidadzuka patebulo, chidawongoka, chidakungika.

"Dikira kaye, mwanawe..."

Chingwe chidasolotoka n'kugwa pansi. Sikirini idangoti bii! Alinane adaima pakhomo, akudziyang'ana nkhope m'galasi lakudalo. Adadina batani loyatsira. Adadinanso. Palibe chidachitika.

Kuseri kwa khoma makina ometera ankangolira.

"Pepani abambo, ndakoka mwangozi," adatero, ngakhale onse atatu ankadziwa.

A Mackford adatola chingwe chija n'kumachikulunga kudzanja, maso ali pa icho. "Ndiye kuti batire sinakhale bwino," adatero. "Anthu ondibweretsera katunduwa masiku ano..." A Bizwick adayamba kuwerenga mitengo ya mahedifoni pakhoma ngati adabwerera zimenezo.

Pashelefu yapansi padali ina yakuda, yonenepa, yokalikakalika, kona imodzi yobenthuka. Sidali pa chingwe chilichonse.

"Nanga iyo?"

"Iyo ndi gogo. Yolemera ngati njerwa. Mtsikana wa ku koleji angayende nayo imeneyo?"

"Ndingaiyatse?"

Idachedwa kudzuka, ikupuma ngati munthu wokwera phiri, koma idayaka. Alinane adakhala pa kampando ka pakona, laputopu pamwendo, n'kupempha kuti amuikire kanema aliyense. Kanemayo sankamuonera. Maso ake adali pa kachizindikiro ka batire pakona ya sikirini.

Foni idalira. Idaliranso. A Bizwick ankatuluka, kulowa, kutulukanso.

"Mlamu, lole ikutisiya. Ukufuna uikhalire mpaka iswe anapiye?"

"Pang'ono pokha, alamu."

Alinane sadachotse maso pa sikirini. Lole ikapita, ina idzanyamuka mwezi wamawa, mayeso a Estere atayamba kale. Koma akadzuka msanga, adziwa bwanji? Kanema adatha, wina adayamba. Kachizindikiro kaja kadangotsika pang'ono, ngati madzi a mumtsuko wosadontha.

"Nditenga imeneyi," adatero.

A Mackford adaikulungira chaja, ndipo chikwama adapereka chaulere, osanena kanthu za ulerewo.

Adakafika kwa a Jafali akukoka kale tenti pamwamba pa mafiriji, matilesi ndi njinga. "Inu a ku Gugulethu, mukadapeza fumbi lokha!" adakuwa a Jafali. Alinane adagwada pambali pa tayala n'kutsegulanso laputopu ija. Idali ikadali moyo. Adaithimitsa, adaikulunga m'juzi lake, pamwamba chitenje, n'kupempha kuti isakwere kumbuyo. A Jafali adailowetsa kuseri kwa mpando wawo.

Pobwerera m'tekisi, atadutsa Epping, a Bizwick adaiyamba nkhani.

"Mawa ku tchalitchi a Mackford ndikawayang'ana bwanji?" adafunsa, osamuyang'ana.

Alinane ankadziwa kuti nkhaniyi ikafika kwa achemwali ake iye asanavule nsapato. Mphepo inkalowa pawindo n'kumuzizira m'manja, popeza juzi lidali paulendo wa ku Zomba. Adatulutsa foni n'kulembera Estere: "Yanyamuka. Ndi yonyansa, usaseke. Koma moto imasunga."