Dzanja Lachitsulo la Enoki

Tsiku limene boti la mishoni linakwera mapiri a Dowa litagona pangolo ya thirakitala, anthu a ku Msakambewa anasiya makasu m'mizere n'kuthamangira kumsewu. Chinali chaka chachiwiri chilowereni matipate, ndipo anthu anali atazolowera kuona zachilendo, koma boti pamtunda linawaposa nzeru. Wina anafuula kuti nyanja nayo yasintha chipani. Enoki, yemwe anakhala pamwamba pa ngoloyo atagwira chingwe ndi dzanja lamanzere, sanaseke nawo.

Enokiyu anali mwana wa m'mapiri momwemo, koma anatsikira kunyanja ali mnyamata, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndiye ankayendetsa botilo, kunyamula anamwino ndi mankhwala kupita kumidzi yosafika msewu. Tsopano linabwera kugalaja ya mishoni kuti alimate pansi ndi kukonza injini. Limenelo silinali vuto. Vuto linali mkono wake wamanja. M'mawa wina, m'nyengo ya Lenti chaka chapitacho, anadzuka mkonowo uli zii ngati wa munthu wina. Patapita masiku unabwerera, koma unabwerera theka. Kapu ya tiyi ankanyamula, moni ankapereka, koma chiwongolero cha boti lija chinali cha waya wachitsulo wochokera kutsogolo mpaka ku injini, cholimba ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo mwera ukawomba chinkafuna manja awiri kwa maola anayi. Ankadziwa zimenezi ndi mkazi wake Kezia yekha.

Sisitere Debora, amene ankayang'anira zipatala zing'onozing'ono za mishoniyo, anali atanena kale kuti boti likatha kukonzedwa adzaona ngati si nthawi yopeza woyendetsa wachinyamata. Ananena mokoma, monga amachitira anthu a Mulungu akamakuchotsa pampando. Enoki sanagone bwino chiyambire tsiku limenelo. Kumudzi analibe munda, chifukwa gawo lake adzukulu anali atagawana kalekale, ndipo ngakhale akanam'patsa, akanalima ndi mkono uti? Munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu, wodziwa chinthu chimodzi chokha padziko lapansi, ankaopa kuchotsedwa pamadzi kuposa kumira.

Mwayi unabwera m'buku la zithunzi. Anthu akufuna kwabwino a kunja anafunsa chimene boti likusowa, n'kutumiza buku la katundu kuti asankhemo. Enoki analitsegula tsamba ndi tsamba, malovu kuchala, mpaka anapeza makina ogwira chiwongolero okha. Analipo a mitundu iwiri. Ena ankafuna kuzula chiwongolero chonse n'kuikamo mapaipi a oyilo, ndipo amenewo anaona yekha kuti ndi a maboti akuluakulu. Enawo anali a chiwongolero cha waya ngati chakecho: kamota komangirira pambali, lamba wozungulira chiwongolero, kabokosi ka mabatani koonetsa manambala, ndi kampasi yaing'ono ngati banzi, yomwe imauza kamotako kolowera. Anauza a Sisitere kuti makinawo adzapulumutsa petulo, popeza boti lidzayenda mowongoka. Sananame, kungoti chifukwa chenichenicho anachisiya m'thumba. A Sisitere anamuyang'ana nthawi yaitali asanasaine.

Bokosi linafika patatha miyezi itatu. M'kati munali kabuku ka Chingerezi ndi zinenero zina zosadziwika mutu wake. Enoki sukulu anailekezera Sitandade 4, choncho anangotsatira zithunzi. Za kampasi sankadziwa kanthu, ndipo sankachita nazo manyazi. Iye panyanja ankayenda ndi mapiri. Phiri la Ntchisi likakhala paphewa ili ndiye kuti akupita, likakhala paphewa linalo ndiye kuti akubwerera, ndipo sanasocherepo.

Womuthandiza kumanga makinawo anali mng'ono wake Benjamini, wowotcherera zitsulo. Ngati pali munthu amene matipate inamukomera m'dera lonselo, ndi Benjamini. Akuba anali atachuluka, anthu n'kumati ndiyo demokalase imeneyo, ndipo aliyense wokhala ndi kawindo ankafuna zitsulo. Benjamini anawotcherera mawindo, zitseko, makola a nkhumba, mpaka belu la tchalitchi. M'maso mwake chinthu chosatchingidwa ndi chitsulo chinali chitabedwa kale, kungoti mwini wake sanadziwe.

Anagwira ntchitoyo masiku atatu pansi pa mtengo wa bulugama kuseri kwa galaja. Kamota anakamanga ndi mabawuti anayi, lamba anamukoka mpaka kulira akamukhudza, mawaya anawayendetsa m'mbali mpaka kubatire. Kudzanja lamanja la chiwongolero kunali kachitsulo kokoka, kolumikiza makina ndi chiwongolero kapena kuwalekanitsa. Kanali kolimba, koma Enoki anadziuza kuti kadzafewa. Atadina batani koyamba, boti lili pamatayala, chiwongolero chinagwedezeka chokha n'kutembenuka pang'ono. Enoki anayang'ana kumbali kuti mng'ono wake asaone misozi. Madzulo ake anauza Kezia kuti Mulungu wamubwezera mkono, wachitsulo.

M'mawa mwake kunapezeka kuti batire la thirakitala ya mishoni labedwa. Enoki anaima n'kuyang'ana kampasi ija ili pathabwa, yogwidwa ndi tizomangira tiwiri tomwe mwana akanamasula ndi mpeni. Anaganiza za anyamata a kudoko. Popanda kampasi makina onsewo anali chabe, ndipo popanda makina iye anali chabe. Ndiye amene anapempha yekha kuti Benjamini aimangire khola. Benjamini sanadikire kumuuza kawiri. Anadula zitsulo za bedi lakale la kuchipatala, n'kuwotcherera kakhola kamphamvu koti fisi sangathyole, n'kupachikapo loko wamkulu ngati chibakera.

Akumaliza, panafika bambo wina wamtali akukankha njinga yothyoka kaliyala. Anali mmodzi wa othawa nkhondo a ku Dzaleka, dzina lake Bukuru, ndipo ankayenda m'midzi kugula tomato. Podikira kuti amuwotcherere, anazungulira botilo akulisisita m'mbali, n'kunena m'Chichewa chake chodukaduka kuti kwawo ankagwira ntchito m'maboti. Ataona kakhola kaja anaima n'kupukusa mutu.

"Bambo, chitsulo ayi," anatero. "Kampasi ndi chitsulo sizigwirizana. Ikani pathabwa, patali."

Benjamini anaseka mpaka kukhala pansi. Anati wamva, mlendoyo akufuna kampasi igone pabwalo kuti adzaitenge bwino akamadutsa ndi tomato wake. Enoki sanaseke. Mumtima china chake chinamugunda, chifukwa munthuyo sanalankhule ngati wakuba. Koma kuphunzitsidwa za boti lake lomwe, pamaso pa mng'ono wake, ndi munthu wobwera dzana ndi kamtolo pamutu, kunamuwawa kuposa mantha aja.

"Botili ndinalidziwa inu musanaganize zobwera kuno," anayankha.

Bukuru analipira kaliyala wake n'kukwera njinga. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kameneko tsikulo kanabwerera ku Dzaleka kosameta munthu.

Malo oyesera anawapeza padamu la esiteti ina ya fodya cha ku Bowe. Unali mwezi wa Juni, kumwamba kuli mitambo yotuwa, kamphepo kozizira kakulowa m'mafupa. Matenanti anasiya kusankha fodya m'mashedi n'kudzaima m'mbali mwa damu, azimayi atafunda zitenje kumutu. A Sisitere anakwera n'kukhala pafupi ndi chiwongolero. Benjamini, yemwe madzi ankawadziwira m'beseni basi, anakhala pakati atagwira thabwa ndi manja onse awiri.

Enoki analiza injini. Fungo la petulo ndi madzi linamulowa m'mphuno, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi inayi anamva kuti ndi munthu. Anatulutsa boti ndi dzanja lamanzere, lamanja ataligoneka pachiwongolero mongokongoletsa, monga anazolowera. Analoza mphuno ya boti kumtengo wautali wa kutsidya, anakoka kachitsulo kaja ndi manja awiri, anadina batani, kenako anapinda manja pachifuwa. Boti linayenda mowongoka. A Sisitere anamwetulira.

Kumwetulirako sikunathe n'komwe. Kamota kanayamba kulira mosalekeza, chiwongolero chinapota kumanzere, chinabwerera, kenako chinapotanso kumanzere mpaka kumapeto. Boti linapendekeka n'kuzungulira, ndipo kutsogolo kwawo kunaoneka khoma la simenti la kanyumba ka pampu. Enoki anagwira chiwongolero ndi dzanja lamanzere kulimbana ndi makina, koma makinawo anali atasankhidwa dala kuti akhale amphamvu kuposa dzanja la munthu. Chofunika chinali chimodzi chokha, kukoka kachitsulo kolekanitsa kaja. Anatumiza dzanja lamanja. Zala zinafika, zinagwira, koma sizinakoke. Anayesanso, dzanja linaterereka n'kugwera pabondo. Kachitatu analiponya ndi phewa lonse, ndipo linangokhala pamenepo.

A Sisitere anatambasula mkono n'kukoka kachitsuloko kamodzi kokha. Chiwongolero chinamasuka, Enoki anachipotoza, ndipo boti linakhula khoma ndi nthiti yake n'kudutsa. Panangochoka penti. Kumtunda anthu anaomba m'manja, poganiza kuti ndi mmene masewerawo amathera.

Atazimitsa injini m'mphepete, Benjamini anatsika akutukwana makina a azungu kuti amatumiza kuno zimene kwawo zakanika. A Sisitere sanamumvere. Anatenga dzanja lamanja la Enoki n'kuikamo zala zawo ziwiri.

"Finyani, a Enoki."

Anafinya ndi mphamvu zake zonse, mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Nkhope ya a Sisitere sinasinthe.

"Zinayamba liti?"

"Lenti wa chaka chatha, Asisitere."

"Ndipo nthawi yonseyi mwakhala mukunyamula anamwino anga ndi amayi apakati."

Sanakweze mawu, ndipo Enoki akanakonda akanamukalipira. Anamuuza kuti Lolemba apite kuchipatala akamupime bwinobwino, kuti mishoni sidzamutaya, mwina pageti padzapezeka malo. Za chiwongolero anati asaziganizirenso. Enoki anangoti wamva. Manyazi anamugwira, ndiponso chisoni chachikulu, chifukwa ankadziwa kuti mayiyo sanalakwitse mawu ngakhale amodzi.

Anakhala m'botimo yekha kwa kanthawi, anthu akubwerera kumashedi. Kenako anapempha kiyi kwa Benjamini. Anatsegula loko, anamasula kampasi n'kuitulutsa m'khola waya wake uli chilumikizire, maso ali pakabokosi ka mabatani. Manambala amene ankadumphadumpha anakhazikika. Anaibweza pafupi ndi zitsulo, anayambanso misala yawo. Anaichotsa, anakhala phee. Benjamini anaona zonsezo. Kuzula kholalo ndi kubwezera kampasi pathabwa ndi tizomangira take tiwiri kunawatengera nthawi yochepa kuposa yomwera tiyi.

Enoki anapempha a Sisitere kuti ayesenso kamodzi. Anavomera, koma anakhala dzanja lili pakachitsulo kaja. Benjamini anatsala kumtunda. Enoki analozanso mtengo wa kutsidya n'kudina batani. Ulendo uno boti linayenda ngati likutsata chingwe. Mphepo ikalikankha, chiwongolero chinkagwedezeka pang'ono n'kulibweza, mwaulemu, mosatopa, bwino kuposa mmene iye ankachitira masiku amene anali ndi manja awiri. Anaika manja ake pamiyendo n'kumayang'ana madzi akugawanika kutsogolo.

"Munasankha bwino," anatero a Sisitere. "Ndi makina amenewa, ngakhale mnyamata wongoyamba kumene adzatha. Tikam'peza mudzamuonetse podina."

"Ndidzamuonetsa, Asisitere."

Mtengo uja unali kukula msanga. Enoki ankafuna kupempha kuti azungulirenso, koma analibe chifukwa choti apereke, popeza chimene anabwerera chinali chitaoneka. Anachepetsako moto kuti ulendowo utalike pang'ono, ndipo a Sisitere anaona koma anayang'ana kumbali. Damu la esiteti ndi lalifupi. Bango la kutsidya litayamba kukhula pansi pa boti, anazimitsa injini ndi dzanja lamanzere.