Nsomba ya Mamba

"Mlamba winanso!" anafuula Elliam, akuseka atagwira nthiti. "Che Swaibu, kodi milamba ya mu Shire muno ndi akuchikazi kwanu? Ikungopatsa moni inu nokha."

Swaibu anawonjola nsombayo pambedza n'kuiponya pa udzu pomwe panali inzake. Kunyumba kwake mlamba sunkalowa mumphika. Makolo ake anamulera kuti nsomba yopanda mamba sadya, ndipo iye anakalamba nazo choncho.

Kunali kotentha, dzuwa la Okutobala lija loswa mtengo. Kumunsi kwa baraji ya Liwonde madzi anali atatsika, miyala ili pamtunda, ndipo ankangothamanga pakati pokha, pomwe ankatuluka m'mageti ndi thovu. Swaibu sanali msodzi. Ntchito yake inali yokonza njinga, ndipo mbedza anachita kubwereka. Chinamubweretsa kumtsinje ndi mkazi wake Lukiya, yemwe chibwerere kuchipatala ankakana chakudya chilichonse. Phala ankalitembenukira kukhoma. M'mawa wa tsikulo m'pamene anayankhula motsitsa mawu kuti, "Bambo a Nafisa, kukhosi kwanga kukufuna kansomba kakawisi. Kamsuzi chabe." Pamsika Swaibu anapezapo zouma zokhazokha.

"Musaseke, achimwene," anatero Swaibu. "Mayi akunyumba apempha nsomba. Ndikapita chimanjamanja, sindikudziwa ngati adzapemphenso kanthu."

Elliam anasiya kuseka. Anali msodzi wa tsidya la Balaka, ndipo awiriwa ankadziwana chifukwa cha njinga ya Elliam yothyoka masipoko pafupipafupi. Tsikulo iye anali asanaphe kanthu. Anasendera pafupi n'kugwira chingwe cha mnzakeyo.

"Ichi n'chiyani?"

"Nati ya njinga. Kuti nyambo imire."

"Nati! Bwanji osangomangirira pedulo yonse?" Elliam anapukusa mutu. "Safunsa anadya phula. Nyongolotsi yanu ikukagona m'matope, pakhomo penipeni pa mlamba. Nyengo ino madzi a m'mbali afunda ngati tiyi, nsomba zamamba zathawira kuthovu uko. Sizikudya pansi iyayi, zikuyang'ana kumwamba. Taonani."

Swaibu anayang'anitsitsa. M'mphepete mwa thovu munkaoneka timizere tozungulira, kenaka n'kuzimirira. Kamphepo kankagwetsera tizilombo ta m'bango pamadzi, ndipo china chake chinkatitola mwakachetechete.

Anamasula nati n'kuiika m'thumba. Kenaka amuna awiri aimvi anayamba kukwawa mu udzu wouma, kugwira zitete za nyambo ndi zipewa zawo.

"Akationa a kumzikiti, ndinena kuti ndinu mwandiyambitsa," anatero Swaibu, akupuma mwawefuwefu.

"Nenani kuti ndi mankhwala a nyamakazi."

Elliam anabaya chitete pambedza mosamala kuti chizipalasabe miyendo. "Ponyani chakumtunda, madzi achibweretse okha. Musakoke. Ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi, madzi ayera awa, zikukuonani."

Chitete choyamba chinaulukira kwina. Chachiwiri chinatengedwa, mbedza n'kubwerako yokha. Swaibu anatukwana nsombayo m'Chiyawo, kenaka anapepesa kwa Mulungu. Chachitatu chinatera bwino, chinayandama pang'onopang'ono kutsata mzere wa thovu. Madzi anatumphuka, nsungwi inapindika.

"Pang'onopang'ono! Si tcheni cha njinga chimenecho!"

Inali kadyakolo, yaitali ngati kuchokera pachigongono kufika padzanja, mamba ake akunyezimira. Swaibu anaigwira ndi manja onse awiri.

"Alhamdulillah," ananong'ona. Kenaka anatola milamba ija n'kuiika m'dengu la Elliam. "Tengani akuchikazi angawa. Akadye nanu."

"Ndiye ukwati wabwino umenewu," anatero Elliam. "Thamangani isanafote. Mukawapatse moni alamu."

Lukiya anadzuka yekha atamva fungo la tomato ndi nsomba. Anatsamira khoma, mbale ili pamiyendo. Anamwa msuzi pang'ono, anapuma, n'kumwanso. Swaibu anakhala pakhomo akunamizira kupukuta sipanala, koma maso ali pambale. Mkaziyo anatsina mnofu, kenaka wina. Pomaliza anatenga mutu n'kuyamba kuupsipa monga ankachitira kale.

"Mchere wachepa," anatero Lukiya.

Swaibu anaseka mpaka misozi. Chiyambire matendawa, aka kanali koyamba kuti mkazi wake adandaule za mchere.

M'mawa mwake sanatsegule msanga pokonzera njinga. Anatenga nsungwi ija, chipewa chogwirira zitete, ndi mtolo wa masipoko atsopano a Elliam.