Kadontho ka Zakiya

Dokotala Fikri akagamula nkhani, palibe ankatsokomola. Anatha zaka makumi atatu akulemba mbiri ya magalasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Cairo, ndipo m'mawa umenewo anagamula kuti nyali ina yobiriwira yamumzikiti anaikongoletsa mzungu wa ku Paris.

"Taonani," anatero akugogoda chithunzi cha nyaliyo. "Chilembo cha Chiarabu ichi chilibe kadontho. Mwarabu angaiwale kadontho? Ameneyu ankangokopera, kuwerenga ayi."

Sawsan, mtsikana wogwira ntchito pansi pake, anapsa mtima. Zaka zinayi anakhala akufufuza nyaliyo, ndipo ankadziwa woikongoletsa weniweni: Zakiya, amayi a agogo ake, amene ankalemba pamagalasi kuseri kwa ng'anjo yosungunulira magalasi ya amuna awo, dzina lawo osaoneka paliponse. Kapepala kofotokoza nyaliyo kanali kupita kosindikiza masana omwewo. Kakangotuluka ndi dzina la mzungu, basi, Zakiya aikidwa m'manda kachiwiri.

"Dokotala, nyaliyi munaigwirapo?"

"Mwana wanga, ndili ndi zithunzi khumi ndi ziwiri."

"Chithunzi sichipachikidwa."

"Iwe, nthano za kukhitchini kwanu uzisiye konko. Mu Cairo muno banja lililonse lili ndi agogo amene anamanga nawo mapiramidi!"

Anzake pantchito anaseka, poti bwana akaseka nawenso umaonetsa mano. Sawsan anangovala magolovesi, n'kunyamula nyaliyo, n'kuikweza m'mwamba pafupi ndi zenera.

"Gwadani, Dokotala."

"Ati chiyani? Ine?"

"Nyali imakhala kudenga. Woiwerenga amakhala pansi, pamkeka wopempherera. Azakhali anga anandiuza kuti Zakiya ankalembera munthu wogwada, osati woima. Sinditsitsa mpaka mugwade. Kundichotsa ntchito mundichotse pambuyo pake."

Mkuluyo anang'ung'udza, mawondo n'kulira, koma anagwada ndithu, kufuna kumuchititsa manyazi mtsikanayo.

Kuseri kwa nyaliyo kunali kabanga kofiira kamene Dokotala mwiniyo analemba kale m'buku lake kuti ndi utoto wodontha. Atayang'ana kuchokera pansi, kuwala kukupyoza galasi, kabangako kanadzakhala ndendende pamwamba pa chilembo chija.

Mkuluyo anakhalabe chigwadire. Kenaka anapisa m'thumba, n'kutulutsa cholembera.

"Wati dzina lawo ndani?"

"Zakiya," anatero Sawsan, nyali idakali m'mwamba. "M'Chiarabu chilembo choyamba cha dzinalo chili ndi kadontho, Dokotala. Musakaiwale."